Timabango ta a Rabeka

Dzuwa linali lisanaumitse mame, mphepo ya mu Julaye ikuluma makutu, koma a Rabeka anali ataswa kale milu ingapo ya mtedza. Anakhala tambalale pamphasa yong'ambika kumutu kwa munda, msana ukuwawa, zala zitachita ming'alu mpaka m'zikhadabo. Patsogolo pawo panali timilu tambirimbiri tili ndondondo, kamulu kalikonse kumutu kwa mzere umene kanachokera. Munthu wodutsa akanati ndi masanje.

Chapatali pang'ono panakhala mlamu wawo Lidiya, mlongo wa amuna awo, mwana ali kubere, manja akuswa monyinyirika.

"Alamu," anatero Lidiya, "kodi misala imayamba bwanji? Si chonchi? Mtedza wa munda umodzi tikuuswa ngati wa midzi khumi."

"Iswani, alamu. Koma kamulu kameneko musakasakanize ndi kanzake."

"Ndamva, ndamva. Nyimbo yake ndi yomweyo kuyambira dzana. Anzathu wawo anathira m'nkhokwe ndi makoko omwe, pano akuwotha dzuwa."

Lidiya ankanena zoona. Koma tsiku limenelo dzuwa likapendeka kunkabwera apongozi awo, a Yudita, pamodzi ndi a Chikoti, mlongo wa a Yuditawo, amene ndiwo mwini mbumba. Ankabwera kudzaona mtedzawo. Zimene akanaona ndizo zikananena ngati a Rabeka akhalebe ndi mundawo, kapena amange katundu wawo abwerere kwawo.

A Rabeka, pa mfunda wawo, ndi a Nankhoma, obadwira cha ku Namitete. Sukulu anaphunzira ya pamudzi, mpaka podziwa kutsegula nyimbo m'buku, basi. Anakwatiwa ndi a Koneliyo a kuno kwa Kabudula, munthu wa nthabwala amene anadziwana naye pa msonkhano wa mgonero. Ukamwini a Koneliyo sanaukhalitse; anapempha chitengwa, akuchikazi n'kulola. Motero a Rabeka anafika m'mudzi muno ndi mphika, mphasa ndi khasu lawolawo. Apongozi anawadulira munda kumunsi, kumene dothi lake ndi loyera ngati phulusa, kupatula kumtunda kwake kumene kuli kachulu. Munda wa Lidiya unali pamwamba penipeni, pa dothi lofiira la katondo.

Pathupi pa a Rabeka panapita padera kawiri, kenako zii. Anthu sankanena mawu oipa pamaso pawo. Ankangosiya nkhani a Rabeka akafika pachitsime.

Chaka china a Koneliyo anakalowa ntchito pa munda wa boma cha ku Lilongwe, yonyamula zikhomo ndi chingwe. Akabwera Loweruka ankaseketsa mudzi wonse ndi nkhani za mzungu wa kumeneko.

"Ameneyo ndi wa ula," ankatero. "Munda wabwinobwino waudula timagawo ngati nsalu ya zigamba. Akafuna kudziwa mbewu yoposa inzake sasankha yekha pobzala, ayi. Amaika timapepala m'chipewa, n'kundiuza kuti nditole nditatsinzina. Akuti maso amakondera."

Anthu ankaseka mpaka misozi, a Rabeka nawonso. Kenako a Koneliyo anapita ku Halale monga anapitira amuna ambiri, akuti akabwerako msanga. Chaka choyamba anatumiza bulangete kudzera mwa munthu wina. Chaka chachiwiri kunabwera moni. Kuyambira pamenepo palibe wamvapo kanthu.

Ndiye mu 1943 mtedza wa a Rabeka unachita mphwephwa. Masamba anali obiriwira bwino, makoko akuluakulu okopa maso, koma ukaswa m'kati muli pululu, mwina kanjere kamodzi kofota ngati dzino la khoswe. Wa Lidiya kumtunda kuja unali wodzaza mpaka kupweteka chala poswa.

Kuno kwathu akazi amati mtedza umatsata dzanja. Ntchembere yobereka ikaponya mbewu makoko amadzaza, ndipo alipo ena amene amapempha mayi wa ana ambiri kuti adzawayambire mzere woyamba. Mbali inayo ya mawuwa sinenedwa, ngakhale aliyense amaidziwa. A Yudita anainena.

"Mimba ndi dzanja n'zapachibale," anauza a Chikoti, mokweza ndithu kuti a Rabeka amve ali kuseri kwa nkhokwe. "Nthaka ikungovutika. Mwamuna wa Lidiya akusowa pobzala fodya. Mtengwayu apite akadikirire kwawo. Mwana wanga akadzabwera adzakamutenga."

Kwawo kwa a Rabeka mayi awo anali atamwalira, munda abale atagawana, nyumba itagwa. Mtengwa wopanda mwana, mwamuna ali kutali, chimene chimamusunga pamudzi ndi khasu lake lokha. Akanachoka, ndiye kuti akanakakhala pakhonde pa mng'ono wawo, kulima munda wa eni mpaka ukalamba.

Anapita kwa a Chikoti nagwada chapambali, nkhope atayang'ana kwina monga ayenera mtengwa. A Chikoti si munthu waukali. Ndi munthu wotopa. Utsi wa m'chigafa cha fodya unawadya chifuwa kalekale, ndipo mikangano ya m'mbumba amaiopa ngati njoka.

"Amalume, ndipatseni dzinja limodzi lokha," anatero a Rabeka. "Alamu abwere adzabzale m'munda mwanga. Mbewu ya m'lichero limodzi, tsiku limodzi, mizere tigawane. Ngati ndi dzanja, lidzaoneka. Likaoneka ndidzanyamuka ndekha, simudzachita kundiuza."

"Nanga Lidiya angalole kulima minda iwiri?"

"Mtedza wa m'mizere yawo udzakhala wawo."

Atamva zimenezo Lidiya analola msanga.

Mvula yobzalira itagwa, anakumana m'munda atatu. Lidiya anati, "Ine nditenga yakumtundayi, inu yakumunsiyo, tithane nazo."

"Ayi, alamu. Yakumtunda ili pakachulu."

"Chabwino, tengani inu yakumtundayo."

"Ayinso. Ndikapambana adzati ndi chulu."

Anapempha a Chikoti kuti atole kamwala. Pa mizere iwiri iliyonse yoyandikana, a Chikoti ankabisa kamwalako m'dzanja limodzi, manja ali kumbuyo, Lidiya n'kuloza. Akalasa, mzere wakumtunda unali wake. Akaphonya, unali wa a Rabeka. Anatsika nawo choncho munda wonse, a Chikoti akutsokomola ndi kudandaula kuti munthu wa imvi wasanduka wosewera ndi miyala. Pa mzere wa Lidiya ankakhoma chikhomo choyera, pa wa a Rabeka chowauka kumoto.

Ntchito yeniyeni inali ya zikhomozo. Chiswe sichidziwa mlandu. Dzinja lonse a Rabeka ankazungulira munda m'mamawa uliwonse, kuzula zodyeka, kusema zina, kuwaula, kukhoma. Kupalira ankapalira okha mizere yonse mofanana, ya Lidiya ndi yawo, kuti pasadzakhale wonena kuti wina unasamalidwa. Pokumba anakumba mzere ndi mzere, kuumitsa paokha, kuthothola paokha, ndi kugona maso chifukwa cha makoswe ndi akhwangwala. Pofika tsiku loswa lija anali atatha ngati nsalu yakale.

Dzuwa litapendeka a Chikoti anafika ndi ndodo yawo, a Yudita pambuyo, ndi akazi angapo amene anati akupita kokatola nkhuni koma anakhala pansi. A Rabeka anatulutsa chitini chachitali chopapatiza chimene a Koneliyo anasiya, ndi mtolo wa bango. Ankathira mtedza wa mzere umodzi m'chitini, kugwedeza, kulowetsa bango mpaka pansi, n'kudula pamene mtedza walekeza. Mzere uliwonse unakhala ndi kabango kake. Ka mzere wawo ankakadetsa kunsonga ndi khala.

Atatha anasesa pansi, nayala timabango ta Lidiya motsatizana, nsonga kugunda nsonga, ngati njira ya nyerere. Pambali pake anayala tawo, kuyambira pamalo amodzi. Timabango tinali tofanana kuchuluka kwake mbali zonse.

Mndandanda wa Lidiya unapitirira wa a Rabeka ndi chikhatho chimodzi.

"Eyaa," anatero a Yudita, akuomba m'manja pang'onopang'ono. "Mwadzionera nokha, alongo. Si ine ndanena, ndi bango."

Miyezi yonse ija a Rabeka mumtima ankati wawo udzapambana, kapena udzalingana. Anaganiza za njira ya ku Namitete, za mphika umene adzasenze, za nkhuku zawo kuti adzasiyira yani. Maso anangoti pa timabango tija, poti analibe kwina koyang'ana.

Ndipo anaona kuti timabango ta Lidiya sitinali tofanana. Kena kanali katali ngati chikhatho chonse, kena kafupi ngati chala chaching'ono, koma tonse ta dzanja limodzi lobereka. Tawo tinalinso chimodzimodzi. Kabango katali koposa tonse kanali kakuda kunsonga. Munthu akanangochotsa kamodzi uku n'kuika uko, chikhatho chija chikanatha.

"Amalume," anatero a Rabeka, "ndisananyamuke ndipempheko chinthu chimodzi."

"Chinanso?" anatero a Yudita. "Munati mudzanyamuka nokha."

"Ndinyamuka, amayi. Koma inu ndi amalume simunabzale m'munda muno, eti?"

"Ndibzale ine? Ndili ndi munda wanga."

"Ndiye mugawane timabangoti inu awiri, tione."

Anasonkhanitsa timabango tonse, takuda ndi toyera, natisakaniza. Anatiphimba ndi nsalu, n'kusiya nsonga zosadetsedwa zokha zikusuzumira molingana, kuti munthu asadziwe katali ndi kafupi, kapena mwini wake. A Chikoti anasolola kamodzi, a Yudita kamodzi, mosinthana mpaka tonse tinatha. A Yudita ankasolola ndi zala ziwiri, nkhope ili kumbali, ngati akugwira chonyansa. A Rabeka anayala mindandanda iwiri monga poyamba.

Wa a Chikoti unapitirira wa a Yudita ndi chikhatho ndi theka.

Lidiya anaphulika kuseka mpaka mwana analeka bere. "Amayi! Inu amene munabereka mudzi wonse uno, mwagonja kwa amalume? Amalume amene mbewu ya mtedza amangoidziwa pokazinga?"

"Khala chete iwe. Wandipatsa tatifupi dala ameneyu. Bwerezani."

Anasakanizanso, ulendo uno Lidiya ndiye anagwira nsalu. A Yudita anapambana, ndi zikhatho ziwiri zathunthu.

"Mwaona!" anatero, akuyang'ana akazi a nkhuni aja.

"Ndaona, alongo," anatero a Chikoti. "Koma tandiuzani, dzanja langali lauma liti? Posachedwapa linali lobereka. Kapena ndi fodya ndanunkhizayu?"

Akazi aja anabisa pakamwa ndi nsalu. A Yudita anati abwerezenso, ndipo anabwereza, nabwerezanso, mpaka mithunzi inatalika. Nthawi zina mindandanda inkatsala pang'ono kulingana. Koma kawirikawiri wina ankapitirira mnzake ndi chikhatho, mwina kuposa, pano uyu, kenako uyo, anthu awiri amene sanaponye njere ngakhale imodzi m'mundamo.

A Chikoti anatsokomola kwa nthawi, napukuta maso. "Ine ndatopa," anatero. "Chimene ndaona ndi ichi: chikhatho chimodzi chimabwera chokha, popanda wochiitana. Chabwera kwa ine, chabwera kwa inu. Lidiya akanapitirira ndi mkono wathunthu, umene ife osololafe sitinaufikepo, ndikanati pali kanthu. Koma chikhatho? Sindingachotse munthu pamudzi chifukwa cha chikhatho."

"Koma wa mwana wanga ndiwo unatalika," anatero a Yudita. Anatembenukira kwa a Rabeka. "Iwe Nankhoma, ungaime pano n'kunena kuti bango lanena kuti dzanja lako ndi labwino?"

Apa munthu wochenjera akanati inde. A Rabeka anaganiza, nati, "Ayi, amayi. Silinanene kuti ndi labwino. Langolephera kundigwira."

"Wamva, Chikoti? Wanena yekha. Mbala imene sinagwidwe lero ndi mbala ndithu. Chaka chamawa abwereze."

A Chikoti ankafuna kupita kwawo dzuwa lisanalowe. "Abwereze," anatero, nanyamula ndodo.

Walira mvula walira matope. A Rabeka anapempha dzinja limodzi, ndipo anapatsidwa madzinja onse. Munda unakhala wawo, koma wa chaka chimodzichimodzi, ngati wobwereka.

Chaka chotsatira kamwala kanabisidwanso, zikhomo zinakhomedwanso, chiswe chinadyanso. Poyala timabango, mndandanda wa a Rabeka ndiwo unapitirira wa Lidiya, ndi chikhatho ndi zala ziwiri. Koma a Yudita anangoyang'ana, nati, "Chikhatho chimabwera chokha. Si mmene munatiphunzitsira?" Ndipo zinalidi zoona. Chaka chinacho kunachita ng'amba pakati pa dzinja, timabango tonse tinali tatifupi, mindandanda n'kulingana ngati mapasa. A Yudita anati chaka cha ng'amba sichiwerengedwa.

Pali china chimene a Rabeka sanachiganizire pachiyambi. Mtedza umasungika m'makoko mwake. Woswa mu Julaye sufika dzinja uli bwino: makoswe amaupeza msanga, wina umachita chuku, wina umasweka pakati, ndipo wobzala sumera wonse. Choncho chaka chilichonse a Rabeka amadya mtedza wawo mothamanga, wina kusinthitsa ndi chimanga, ndipo pofika nthawi yobzala amayenda m'makomo kupempha mbewu ya m'makoko. Anthu ena amawapatsa akuseka. "Kodi ndi yobzala, kapena ndi yoyeza?"

Timabango ta chaka chilichonse amatimanga mtolo n'kutisomeka kudenga. Tsiku lina chilimwe chathachi anatitsitsa tonse, natiyala pabwalo pa nyumba yawo, takuda tonse mndandanda umodzi, toyera tonse wina, kuyambira pakhomo mpaka pankhokwe. Mindandanda yaitali choncho inasiyana ndi chala chimodzi chokha. Anatuma mawu kwa apongozi kuti adzaone. A Yudita anati miyendo ikuwawa. A Chikoti anali chigonere ndi chifuwa. Timabango tinakhala padzuwa tsiku lonse, nkhuku n'kutibalalitsa, madzulo a Rabeka anatitola okha.

Tsopano mitambo yayamba kusonkhana cha kumadzulo, ndipo Lidiya wakana. Sanakane mwachipongwe. Ali ndi pakati pena, msana sulola, ndipo mwamuna wake wafesa kale fodya wambiri kudambo, woposa munda umene ali nawo. Anabwera yekha kudzanena, nakhala pakhonde.

"Alamu, ine ndatopa. Ndikudziwa kuti dzanja lanu lilibe kanthu. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe lija. Koma amayi sadzavomera ngakhale bango lithe m'dambo lonse."

"Ndikudziwa, alamu. Mwandithandiza kokwana."

A Yudita atamva anati lamulo ndi lomwe lija: popanda ntchembere yobzala naye palibe choyeza, ndipo popanda choyeza munda upite kwa mkamwini. A Chikoti ali pamphasa anangokweza dzanja, nati apeze ntchembere ina, iliyonse ya m'mudzi muno, kamwala adzabisa ali chogona ngati kuli kofunika.

A Rabeka anayenda makomo angapo. Wina anati mwamuna wake sangalole. Wina anati akuopa kuti dzanja lake lingatengere. Wina anawapatsa madzi akumwa n'kuyamba nkhani ya maliro a kwa Nsaru.

Dzulo masana a Rabeka anafika pakhomo panga ine wolemba izi, ndikupeta mphale, mwana ali kumbuyo. Nyumba zathu n'zoyandikana, ndipo mwanayu amamunyamula kawirikawiri ndikapita kumadzi. Anakhala pansi mwapang'onopang'ono, atagwira bondo. Tsitsi layamba imvi, ngakhale si achikulire kwenikweni. Anatola gaga amene anagwera pansi, namubwezera m'lichero, kenako anayang'ana manja awo nthawi yaitali.

"Amake mwana," anatero, "ine mawu ambiri ndilibe, ndipo mukakana sindidzakusungirani kanthu kukhosi. Mvula ikagwa mubwere m'munda mwanga ndi mwana wanuyo kumbuyo, kuti onse amuone. Mbewu ndapeza, zikhomo ndasema kale. Mtedza wa m'mizere yanu udzakhala wanu. Koma chimodzi chokha ndikupempheni: musadzandimvere chisoni. Musadzakwirire mozama dala, kapena kudumpha phando kuti ine ndipambane. Mudzabzale monga mubzalira m'munda mwanu, ndi dzanja lanu lonse. Mukandikomera mtima timabango tidzanama, ndiye zaka zonsezi ndavutikira chiyani?"